Talandira fomu yanu, nanga kenako? Za maimelo otsimikizira ochokera ku maofesi a boma

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, azakhali anga amene amakhala ku Mufakose, kuno ku Harare, anandiitanitsa kuti ndikawawerengere uthenga umene unafika pa foni ya mdzukulu wawo. Masiku awiri m'mbuyomo mdzukuluyo anali atawathandiza kudzaza fomu ya pa intaneti yopempha chikalata ku ofesi ina ya boma, ndipo imelo imene inabwerayo inali ya ziganizo zitatu zokha za m'Chingerezi. Tanthauzo lake linali lakuti pempho lawo lalandiridwa, liunikidwa, ndipo asayankhe uthengawo chifukwa palibe amene amawerenga mayankho. Pamwamba pake panali nambala yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala. Nditamaliza kumasulira, azakhali anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Ndiye mwana wanga, ndipiteko kapena ndizikhala?” Ndinawerenganso kawiri konse, koma yankho la funso limenelo munalibe.

Popeza safunsa anadya phula, Lolemba lotsatira azakhali analawirira, anakwera kombi kupita m'tauni, n'kuima pamzere mpaka dzuwa lili paliwombo, ndipo atafika pawindo anauzidwa kuti dzina lawo silinali pa mndandanda wa tsikulo, choncho abwerere akadikire uthenga wina. Anadikira milungu isanu osamva kanthu. Pa ulendo wachiwiri m'pamene anadziwa kuti panali ndalama zimene ankayenera kulipira pasanathe masiku angapo chitumizireni fomu ija, ndipo popeza sanalipire, pempho lonse linali litafufutidwa. Chimene chimandizunguza mutu mpaka lero n'chakuti mu imelo ija munalibe bodza ngakhale limodzi. Fomu inalandiridwadi. Uthengawo unangonena zimene ofesi yachita, osanena zimene zatsalira mwini pempho.

Imelo yotsimikizira ndi uthenga umene kompyuta ya ofesi imatumiza yokha munthu akangomaliza kuchita chinthu pa intaneti, kaya ndi kutumiza fomu, kulipira, kulembetsa dzina la kampani, kapena kusungitsa tsiku lokaonekera ku ofesi. Mauthenga amenewa akuchulukirachulukira kuno ku Harare. Kuyambira mu 2023 bungwe lotolera misonkho la ZIMRA linasamutsira okhoma msonkho ku ndondomeko ya pa intaneti yotchedwa TaRMS, ofuna viza yolowera m'Zimbabwe kapena m'Malawi amatha kuipempha pa intaneti, ndipo amene ali ndi bizinesi kumudzi amakumana ndi Msonkho Online ya bungwe lotolera misonkho ku Malawi la MRA. Ambiri a ife, amene makolo athu anabwera kuno m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, kapenanso kale kuposa apo, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, timakhala ndi zochita ndi maboma awiri, motero mauthenga otere amatipeza kuchokera uku ndi uku.

Kuti tione chimene chikusoweka, tikumbukire mmene zinkakhalira fomu ikamaperekedwa pamanja. Kalaliki ankadinda chidindo, n'kung'amba risiti, ndipo pokupatsani ankawonjezera mawu apakamwa akuti mubwere Lachinayi la sabata yamawa, mutenge zithunzi ziwiri, ndipo muyambe mwadzera kolipirira. Risiti inali umboni wakuti mwapereka fomu, koma chimene chinkakuyendetsani anali mawu apakamwa aja. Ntchitoyi itasamukira m'kompyuta, risiti inasamuka nayo chifukwa inali yolembedwa ndipo inali m'malamulo a ofesi, koma mawu a kalaliki anatsalira pawindo, pakuti sanalembedwepo paliponse ndipo palibe amene ankawawerengera kuti ndi mbali ya ntchito. Kukonza maimelo otsimikizira kwenikweni ndi kubwezeretsa mawu amenewo.

Maofesi salemba mauthenga otere chifukwa cha nkhanza. Kawirikawiri mawu a mu imelo salembedwa ndi amene amakumana ndi anthu pawindo, koma ndi akatswiri amene anapanga pulogalamu ya kompyutayo, mwina a kampani imene inapatsidwa kontrakiti, ndipo iwo amangotenga mayina a magawo a mkati mwa pulogalamuyo n'kuwasandutsa ziganizo. Kwa iwo mawu akuti pempho “likudikira” ali ndi tanthauzo lodziwika, chifukwa akudziwa pamene laima, koma kwa mwini pempho mawuwo sasiyanitsa kudikira kalaliki ndi kudikira iye mwini. Komanso uthenga umodzi womwewo umapita kwa aliyense, wolipira kale ndi wosalipira, wa mapepala okwanira ndi wosowa pepala limodzi, choncho wolemba amasankha mawu amene sangakhale abodza kwa munthu aliyense, ndipo mawu oterowo mapeto ake sathandiza ndi mmodzi yemwe.

Chifukwa china ndi mantha. Wogwira ntchito m'boma amadziwa kuti akalemba tsiku, tsikulo lidzamutsata, chifukwa anthu adzabwera pepala lili m'manja kudzafunsa za lonjezo lawo, pamene iye alibe mphamvu pa magetsi, pa netiweki, pa banki imene imatsimikizira malipiro, kapena pa nthambi ina imene imatenga zidindo za zala ndi kusindikiza chikalatacho. Pempho limodzi limadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense amadziwa gawo lake lokha, motero kusatchula nthawi kumaoneka ngati kudziteteza. Koma kukhala chete kumeneku kumabwerera ofesi yomweyo. Katswiri wa ku Britain wa kayendetsedwe ka ntchito, John Seddon, anatcha zimenezi failure demand, kutanthauza ntchito imene imagwera ofesi chifukwa choti inalephera kuchita kapena kunena chinthu moyenera poyamba paja. Aliyense amene waima pamzere pongofuna kufunsa kuti zafika pati amatalikitsa mzerewo ndi kudya nthawi ya kalaliki amene akanakhala akuunika mafomu, ndipo kuchedwa kumene kumatsatira kumabweretsanso ofunsa ena.

Mayiko ena anayamba kale kulimbana ndi vutoli. Ku United States lamulo lotchedwa Plain Writing Act, limene Pulezidenti Barack Obama anasainira mu 2010, limalamula nthambi za boma kulemba zikalata zopita kwa anthu m'mawu osavuta. Ku Britain nthambi ya Government Digital Service, imene inakhazikitsidwa mu 2011, inatsegula tsamba la boma la pa intaneti la GOV.UK mu 2012, ndipo mu 2016 inayambitsa GOV.UK Notify, chida chimodzi chimene maofesi osiyanasiyana amatumizira maimelo, mauthenga a pafoni ndi makalata. Malangizo awo amati munthu akamaliza kutumiza fomu aone nambala ya pempho lake, afotokozeredwe zimene zichitike ndi nthawi yake, ndiponso apatsidwe njira yolankhulira ndi ofesi. Maboma a Canada ndi Australia anatengera pulogalamu ya Notify n'kupanga zawo. Mu 2023 bungwe la ISO, limene limakonza miyezo ya padziko lonse, linatulutsa muyezo wa ISO 24495-1, umene umati cholembedwa n'chomveka ngati muli zimene wowerenga akufunikira, ngati akuzipeza mosavuta, akuzimvetsa, ndipo akutha kuzigwiritsa ntchito. Imelo ya azakhali inalephera pa mfundo yoyamba ndi yomaliza, ngakhale kuti Chingerezi chake chinali chosavuta. Malangizo onsewa ndi abwino, kungoti analembedwa poganizira munthu amene amadziwerengera yekha pa foni yake, ndipo ndibwereranso ku zimenezi chifukwa kwathu kuno sizikhala choncho nthawi zonse.

Funso limene uthenga uyenera kuyankha lisanabwere lina lililonse ndi lakuti ntchito yatsala kwa ndani. Mwina munthuyo alibe choti achite, mwina pali choti achite tsopano, kapena adzachita china akadzalandira uthenga wotsatira. Yankho loyambalo ndi limene maofesi amaliiwala kwambiri, poganiza kuti ngati palibe chochita ndiye kuti palibenso chonena, chonsecho chiganizo chakuti “Musabwere ku ofesi ndipo palibe china choti muchite mpaka titakulemberani” chimapulumutsa ndalama ya kombi ndi tsiku lathunthu la mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika, amene akachoka pamalo ake ndiye kuti tsiku limenelo kunyumba sikulowa kanthu. Ngati pali choti munthu achite, chikhale pa mzere woyamba, ngakhalenso pa mutu wa imeloyo, osati kunsi kwa ndime zothokoza ndi zofotokoza masomphenya a unduna. Mutu wakuti “Lipirani pofika pa 14 Malichi kuti pempho lanu lipitirire” umamuthandiza munthu asanatsegule n'komwe uthengawo, pamene mutu wongoti “Chidziwitso” ndi nambala pambali pake sunena kanthu.

Pali msampha wina m'mawu enieniwo akuti kutsimikizira. Ofesi ikati yatsimikizira imatanthauza kuti fomu yafika, koma wowerenga, makamaka amene akumvera kwa womasulira, amamva ngati zatheka. M'Chichewa “talandira” ndi “tavomera” ndi mawu oyandikana kwambiri, paja mtsikana akalandira chikole ndiye kuti wavomera, ndipo palibe amene amafunsanso kachiwiri. Munthu amene wamva motero akhoza kugula tikiti ya basi ya ku Blantyre yodzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, n'kupempha tchuthi kuntchito, pamene chikalata chimene akudalira sichinayambe n'kuunikidwa komwe. Uthenga uyenera kunena poyera kuti ichi si chilolezo, kuti chigamulo sichinaperekedwe, ndiponso kuti munthu asakonze ulendo kapena kulipira zinthu zosabwezeka asanalandire yankho.

Nkhani ya masiku imafuna kusamala kuposa zonse. Mawu akuti “posachedwapa” kapena “m'nthawi yake” sathandiza munthu kukonza chilichonse, ndipo ngakhale mawu ooneka olongosoka akuti “masiku khumi ogwira ntchito” amabisa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kuwerengako kukuyambira pati, pa tsiku lotumiza fomu, pa tsiku lolipira, kapena pa tsiku limene banki yauza ofesi kuti ndalama zafika. Lachiwiri ndi lakuti masiku ogwira ntchitowo ndi a dziko liti. Ofesi ya ku Lilongwe imatseka pa 15 Januwale pokumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi, pa 14 Meyi ndi pa 6 Julayi, masiku amene kuno ku Harare ntchito imagwiridwa monga mwa nthawi zonse, pamene kuno timatseka pa 18 Epulo, pa 22 Disembala, ndiponso masiku awiri otsatizana mu Ogasiti okumbukira ngwazi za dziko ndi asilikali. Kompyuta imene ikutumiza uthengawo imadziwa kalendala ya ofesi yake, choncho ndi iyo, osati agogo a ku Mabvuku, imene iyenera kuwerengetsa n'kulemba tsiku lenileni, mwezi wake m'mawu osati m'manambala, popeza 03/04 ife timawerenga kuti 3 Epulo pamene mapulogalamu opangidwira ku America amatanthauza 4 Malichi.

Ndimaimvetsa ofesi imene singathe kulonjeza tsiku, ndipo sindikuona chifukwa choikakamizira kunama. Koma kusalonjeza sikutanthauza kusanena kanthu. Ofesi ikhoza kunena kuti pakadali pano mapempho ambiri akutenga milungu yakuti, n'kuwonjezera tsiku limene munthu angayambe kufunsa ngati sanamve kanthu, ndi kumene angakafunse. Chiganizo chimenechi chimamuuza munthu tanthauzo la kukhala chete kwa ofesi, kuti tsikulo lisanafike palibe chodetsa nkhawa, koma likadutsa ndiye kuti pali chimene chalakwika. Chimafunanso kuti pakhale munthu amene azisintha mawuwo zinthu zikasintha. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu a pa intaneti analowerera makina a ntchitoyo. Pa nthawi ngati imeneyo, uthenga uliwonse umene ungapitirize kutchula nthawi yakale umasanduka bodza ngakhale unalembedwa ndi mtima wabwino.

Kenako pali zoti munthu anyamule, ndipo apa ife a Chichewa a kuno tili ndi nkhani yathuyathu. Mawu akuti “mubweretse zikalata zokuzindikiritsani” ndi okwanira kwa amene zikalata zake zilibe mbiri yovuta. Koma kwa zaka zambiri ana obadwira kuno a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ankapatsidwa zitupa zolembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri asakudziwa kuti ndi nzika za dziko liti. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, pa gawo 43, anati munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye n'kukhala wokhazikika kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ufuluwo ulipo, koma kuti uonekere pa pepala munthu amayenera kusintha chitupa chakale, ndipo pa ntchito zambiri chikalata cha kubadwa chimene chimafunika ndi chachitali chija chosonyeza makolo, osati chachifupi. Kwa munthu wotere uthenga uyenera kutchula chikalata chilichonse ndi dzina limene anthu amachidziwa nalo, kunena ngati chikufunika chenichenicho kapena fotokope, ngati fotokopeyo iyenera kudindidwa ndi wolumbiritsa anthu, ndiponso chochita ngati dzina linalembedwa mosiyana pa zikalata ziwiri. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi mayina a Chichewa ndi Chiyao amene makalaliki akale ankangowalemba mmene awamvera, moti Phiri wa pa chikalata cha bambo amapezeka ali Piri pa cha mwana.

Za ndalama sizifuna mawu ambiri koma zimafuna kulondola. M'dziko limene dola ya ku America ikuyenda limodzi ndi ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, nambala yopanda dzina la ndalama imasiya munthu m'malere. Ayenera kudziwa ndalama zonse pamodzi ndi tina towonjezera, kumene akalipire, ngati kumeneko amalandira ndalama zapamanja, khadi kapena ndalama za pa foni za EcoCash, nambala yoti alembe polipira, ndi chimene chidzachitike akapanda kulipira pa tsiku lake. Uthenga woitanira munthu ku ofesi nawonso usamangotchula dzina la nyumba, chifukwa pa malo aakulu ngati maofesi a boma a Makombe kuno ku Harare, pamene pamafika anthu ofuna zikalata zosiyanasiyana, munthu amafunika kudziwa chipata, chipinda ndi ola, ngati mwana ayenera kubwera ndi kholo, ngati wachibale angamutengere chikalatacho, ndi mmene angasinthire tsiku likagundana ndi maliro.

Kuti zisakhale zongokamba, umu ndi mmene uthenga wa azakhali ukanalembedwera popanda kuutalikitsa kwambiri: “Talandira fomu yanu, koma sitinayambe kuiunika. Lipirani ndalama zimene talemba m'munsimu pofika Lachisanu pa 14 Malichi, ku banki kapena pa foni, ndipo mulembe nambala iyi polipira. Mukapanda kulipira pofika tsikulo tidzafufuta fomuyi ndipo mudzayambiranso. Mukalipira musabwere ku ofesi, chifukwa tidzakulemberani tsiku loti mubwere ndi zoti mutenge. Ngati simunamve kanthu pofika pa 11 Epulo, imbani nambala iyi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.” M'ziganizo zisanuzi wochita akudziwika paliponse, ife kapena inu, ndipo mulibe aneni obisa munthu monga “zidzaunikidwa” kapena “mudzadziwitsidwa”, amene amasiya wowerenga akudzifunsa kuti ndi ndani, liti, ndiponso kudzera pati. Wina akhoza kunena kuti kuyamba ndi “lipirani” ndi mwano, makamaka kwa ife amene tinazolowera kuti kalata iyambe ndi moni ndi kufunsa za moyo. Nkhawayo ndi yomveka, koma ulemu wa m'Chichewa uli kale m'mneni momwemo, popeza “lipirani” ndi “mubwere” akulankhula ndi inu osati iwe, ndipo moni wa mzere umodzi ndi wokwanira.

Tsopano ndibwerere ku nkhani ya wowerenga ija. Ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Epworth, imelo ya boma kawirikawiri sifikira mwini pempho. Imafika pa foni ya mwana, ya mdzukulu, ya mlembi wa mpingo kapena wa bungwe la maliro, mwinanso pa adiresi ya mnyamata wa pa shopu yosindikiza mapepala amene anadzaza fomuyo, ndipo kuchokera pamenepo imayenda ngati chithunzi cha pa WhatsApp kapena ngati mawu apakamwa. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo uthenga wautali umene mfundo yake yaikulu ili pakati umafika kwa mwini wake mfundoyo itagwera panjira. Chithunzi cha pa sikirini chimagwira mizere yapamwamba yokha. Amene ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha sangatsegule linki, ndipo fayilo ya PDF yophatikizidwa ku imelo nthawi zambiri imatsala m'foni imene inailandira. N'chifukwa chake zofunika zonse ziyenera kulembedwa mu uthenga weniweniwo, chapamwamba, ndipo nambala ya pempho ikhale yogawidwa m'timagulu, yoti munthu atha kuitchula pa foni osasokoneza chilembo O ndi ziro kapena I ndi 1. Kutumizanso mizere iwiri yofunikayo pa SMS kumafikira ngakhale kafoni ka mabatani kamene azakhali amasunga m'kachikwama.

Nanga chinenero? Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko a 2013 limatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo chathuchi, cholembedwa kuti Chewa, ndicho choyamba pa mndandandawo chifukwa cha kayalidwe ka zilembo. Gawo lomwelo limati boma ndi nthambi zake ziziganizira chinenero chimene anthu okhudzidwa ndi mauthenga ake akufuna. Pa zolemba zonse za boma, maimelo otsimikizira ndi amene ali osavuta kumasulira, chifukwa ndi ochepa, ndi aafupi, ndipo akamasuliridwa kamodzi amatumizidwa kambirimbiri. Komabe sindikhulupirira kuti kumasulira kokha kungathetse vutoli, pakuti uthenga wosanena chochita ukamasuliridwa udzakhalabe wosanena chochita m'zinenero zonse 16. Ndiponso achinyamata athu ambiri amawerenga bwino Chishona ndi Chingerezi kuposa Chichewa, akuluakulu amene amachilankhula bwino si onse amene anaphunzira kuchiwerenga, ndipo Chichewa cha m'mabuku a ku Malawi chili ndi mawu amene wobadwira ku Dzivarasekwa sanawamvepo. Ine ndikanayamba ndi kukonza uthenga wa Chingereziwo kuti mdzukulu athe kuumasulira pakamwa mosakhota, kenako kumasulira kolembedwa kubwere, koyesedwa pa anthu a konkuno.

Uthenga wosamveka umapatsanso mpata anthu awiri oopsa. Woyamba ndi dobadoba, amene amaima pafupi ndi chipata cha ofesi n'kumagulitsa chinthu chimene boma likanapereka ulere, ndicho kudziwa chochita. Wachiwiri ndi wakuba wa pa intaneti, amene amatumiza uthenga wooneka ngati wa boma wonena kuti pempho laima ndipo munthu atumize ndalama ku nambala yakuti. Anthu amaukhulupirira msanga chifukwa umayankha funso limene uthenga weniweni unalisiya, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri umamveka bwino kuposa wa boma. Pali njira za umisiri zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC zimene zimathandiza makampani a imelo kukana uthenga wonamizira adiresi ya ofesi, koma munthu wamba sazionapo, ndipo kungomuuza kuti ayang'ane ngati adiresi ikuthera ndi gov.zw kapena gov.mw sikokwanira, popeza mabungwe ena a boma, monga ZIMRA, ali ndi maadiresi othera mwina. Chitetezo chimene wowerenga angachigwire ndi manja n'chakuti uthenga woyamba unene kumene wotsatira udzachokere, za chimene udzanene, ndiponso zimene ofesi sidzapempha n'komwe, monga PIN kapena kutumiza ndalama ku nambala ya munthu.

Apa pali kukokana pang'ono. Uthenga womveka umafuna kutchula zinthu mwatchutchutchu, koma uthenga umene ukufika pa foni ya munthu wina suyenera kuulula zonse, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene linapatsa POTRAZ, bungwe loona za mtengatenga wa makalata ndi matelefoni, udindo woyang'anira nkhaniyi, limafuna kuti osunga mbiri ya anthu aziisamala. Nambala yonse ya chitupa, tsiku lobadwa, matenda, kapena chifukwa chimene munthu akupemphera thandizo siziyenera kulowa mu imelo. Mwamwayi, zimene munthu amafunikira kuti adziwe chochita, monga tsiku, malo, ndalama ndi zonyamula, si zachinsinsi, choncho wolemba amene wakhala pansi n'kuganizira akhoza kuzilekanitsa.

Mawu omaliza a imelo ya azakhali, oletsa kuyankha aja, ndi amene amandipweteka kwambiri. N'zoona kuti ofesi singakwanitse kuwerenga mayankho onse obwera ku adiresi ya makina, koma amene watseka khomo limodzi ayenera kuloza lina, kaya ndi nambala ya foni imene imayankhidwadi pamodzi ndi maola ake, kaya ndi chipinda chenicheni chimene munthu angakagogode. Gawo 68 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wakuti maofesi amuchitire zinthu motsata malamulo, mwachangu ndi mwachilungamo, ndiponso wopatsidwa zifukwa zolembedwa ngati zochita zawo zamukhudza moipa. Pempho lofufutidwa chifukwa cha tsiku limene mwini wake sanauzidwe n'lovuta kuligwirizanitsa ndi ufulu umenewo.

Kudziwa ngati uthenga wakonzeka sikulira ndalama zambiri. Wolemba atenge uthengawo pa foni, apite nawo pamzere wa m'mawa, aonetse anthu angapo amene sadziwa za nkhaniyo, ndipo m'malo mowafunsa ngati amva, pakuti aliyense amati wamva poopa manyazi, awafunse kuti mawa achita chiyani, anyamula chiyani ndipo apita kuti. Kwathu kuno ndikanawonjezera kuyesa kwachiwiri, kwakuti wowerengayo akafotokozere munthu wina amene sanaone foniyo, ndipo winayo ndiye ayankhe mafunsowo. Makalaliki a pawindo ndi alonda a pachipata amawadziwa kale mafunso amene amabwerezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo funso lililonse lotero likusonyeza chiganizo chimene chikusowa mu imelo. Chovuta chenicheni chimakhala chakuti ndani ali ndi mphamvu yosintha mawuwo, chifukwa kumene pulogalamu inapangidwa ndi kampani yakunja kwa ofesi, kusintha chiganizo chimodzi kumatha kufuna kalata, msonkhano ndi malipiro. Phindu lina la chida ngati Notify n'lakuti wogwira ntchito wamba amasintha yekha mawu a uthenga osadikira katswiri wa kompyuta.

Pa ulendo wachitatu ndinawaperekeza azakhali. Titatumizanso fomu, imelo yomwe ija inabweranso mawu ake osasintha, koma ulendo uno tinakafunsa mayi wina wa pawindo, amene anatifotokozera moleza mtima zonse zimene kompyuta sinanene, ndipo ine ndinazilemba kuseri kwa envelopu m'mizere inayi: tsiku lomaliza kulipira, kumene tikalipire, zikalata zitatu zoti tinyamule, ndi sabata imene tingayambe kufunsa. Azakhali anaipinda envelopuyo n'kuiika m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Patapita milungu ingapo amayi awiri a m'dera lawo amene ankafuna chikalata chomwecho anabwera kudzaibwereka, ndipo pamene ndinaiona komaliza inali itajambulidwa pa foni, ikuyenda m'gulu la WhatsApp la bungwe lawo la maliro, tsiku lolipira lija lili lomwelo ngakhale kuti linali litadutsa kalekale.